CIKOMEKOME CA MKUYU: MAGALIMOTO A PA OKUSHONI KU MIGODI

Nyengo yogulitsa zokolola ikatha, alimi ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amalakalaka kugula galimoto yonyamulira cimanga ndi nshawa. Ena amatumiza ndalama kwa abale ao a ku Kitwe ndi Ndola, pakuti anamva kuti pa okushoni galimoto imapezeka pa mtengo wotsika. Izi zimacitikadi nthawi zina, koma ngozi zake n'zambiri.

Magalimoto a pa okushoni amacokera kosiyanasiyana. Ena ndi olandidwa mwa lamulo la khoti cifukwa ca ngongole. Ena ndi ogwidwa ndi bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority, limene linayamba nchito mu 1994. Enanso ndi a makampani amene aona kuti akalamba kapena amene agwa, monga momwe inagwera kampani ya mabasi ya UBZ mu 1995. Galimoto yocokera ku migodi imakhala itanyamula katundu wolemera zaka zambiri m'miseu ya fumbi. Yolandidwa kwa munthu wa ngongole kawirikawiri imakhala yosasamalidwa, pakuti amene walephera kubweza ngongole sakhalanso ndi ndalama ya oilo ndi matayala.

Lamulo la malonda limene Zambia imatsatira, locokera ku Britain mu 1893, limanena kuti nyundo ya wogulitsa ikagwa, malonda atha. Pa okushoni zambiri galimoto imagulitsidwa monga momwe iliri, ndipo wogula saloledwa kuiyendetsa pa mseu asanalipire. Injini ikafa mawa lake, palibe womubwezera ndalama. Pamwamba pa mtengo pamakhalanso ndalama ya wocititsa okushoni, yokokera galimoto ngati siyenda, ndiponso ya msonkho wa mseu, inshuwalansi ndi cikalata cosonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda.

Coopsa koposa ndi mapepala. Galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi buku loyera losonyeza mwini wake, ndipo amene amasintha dzina m'bukuli ndi a RTSA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002. Nambala ya injini ndi ya chesisi zikasiyana ndi zolembedwa m'buku, apolisi angaigwire galimotoyo poiganizira kuti ndi yakuba. Zikatero mlimi amataya galimoto pamodzi ndi thukuta la caka conse.

Wogula wanzeru amafika pa tsiku loonetsa katundu ali ndi makanika wodalirika. Makanikayo amayang'ana ngati oilo wasakanizika ndi madzi, ngati utsi uli wabuluu, ndiponso ngati pansi pali dzimbiri kapena powocherera, cizindikiro cakuti galimoto inacitapo ngozi. Kenaka wogulayo amafunsa ngati zitsulo zake zimapezeka ku Chipata, pakuti kucokera ku Ndola kudzera ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 800. Amaikiratunso mtengo umene sadzapitirira, cifukwa pa cigulu ca anthu mtima umathamanga, ndipo munthu amakweza dzanja pofuna cabe kupambana mnzake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Banja limene lasunga ndalama movutikira liyenera kufunsa za buku, za injini ndi za ndalama zoonjezera nyundo isanagwe.