Fulashi ikazulidwa, kompyuta n'kukomoka

Chiyambire pamene ana a Giredi 9 m'Zambia analemba koyamba mayeso a kompyuta mu 2015, fulashi yasanduka khasu la mphunzitsi, ngakhale kumadera monga ku Zemba m'boma la Chadiza. Koma kompyuta ikangouma kapena kuonetsa buluu yekhayekha fulashi itazulidwa, ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, n'kufufuta zonse. Kutero n'kupha mboni mlandu usanazengedwe.

Pakatikati pa Windows kapena Linux pali pulogalamu yotchedwa kernel, kapitawo wogawa memory, amene amalankhula ndi chipangizo chilichonse kudzera m'timapulogalamu totchedwa madiraiva. Pofuna changu, kernel silemba zonse pa disiki nthawi yomweyo. Pa Linux zolembedwa zimatha kukhala mu memory masekondi ngati 30 zisanatsike. Disiki ikasowa mwadzidzidzi, diraiva yolembedwa bwino imangonena kuti zakanika, ntchito n'kupitirira. Yolembedwa mwachibwana imapitabe pamalo a memory omwe anali a chipangizocho koma anabwezedwa kale, ngati mlendo woodira pabwinja. Kernel ikaona kuti singakhulupirirenso zimene yasunga, imadziimitsa dala kuti isaononge mafayilo ena, ndipo imasiya mapazi. Windows imalemba kafayilo m'foda ya Minidump, komwe amisiri amawerenga ndi pulogalamu ya WinDbg. Pa Linux pali kdump yosunga mapazi otere, ndipo ngakhale chithunzi cha sikirini chojambulidwa pa foni chimathandiza, poti mizere yakeyo imatchula pamene ngozi yagwera. Dzina la diraiva imodzimodzi likamabwerezabwereza, poyambira papezeka.

Ena angatsutse kuti zonsezi n'zakale, popeza kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1809 kampani ya Microsoft inasintha kuti fulashi izizulidwa popanda kutsanzika. N'zoona, koma chilolezocho chimagwira pokhapokha ngati palibe chikulembedwa panthawiyo, ndipo fulashi zambiri zimasunga mafayilo m'dongosolo la FAT32 kapena exFAT, lomwe lilibe kaundula wokonzera zolemba zodukizidwa monga alili NTFS ndi ext4. Komanso si dzanja lokha limene limazula disiki. Chibowo cha USB chokhwepa ndi fumbi chimaidula, ndipo disiki yaikulu yodya magetsi a pakhoma imazima magetsi akathima, monga ankathimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, laputopu ili chigwirire ntchito pa batire, ikulembabe pa disiki yomwe kulibenso.