Kuika Linux Pambali pa Windows Popanda Fulashi

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo popeza makompyuta ambiri akale sakwanitsa kulandira Windows 11, aphunzitsi ndiponso eni malo osindikizira zikalata ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma la Phalombe ali ndi chifukwa cholingalirira za Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyambitsa mu 1991. Mapulogalamu awiriwa, Linux ndi Windows, angathe kukhala m'kompyuta imodzi, mwini wake n'kumasankha woti alowemo nthawi iliyonse akaiyatsa.

Mwachizolowezi Linux amaiika pogwiritsa ntchito fulashi kapena DVD, koma disiki ya m'kati mwa kompyuta ingathenso kugwira ntchito imeneyi. Munthu amayamba wakopa pa intaneti fayilo ya ISO, yomwe ndi mtolo wa zonse zofunika poika pulogalamuyo, ndipo ya Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, imaposa magigabayiti 5, bandulo yosachepa kwa wodalira foni. Kenako amatsegula Disk Management mu Windows, n'kuchepetsa gawo la C kuti papezeke malo, ndipo pamalopo amadulapo kagawo ka magigabayiti 8 ka mtundu wa FAT32, m'mene amakoperamo zonse za mu ISO ija. Pa makompyuta a UEFI, omwe ndi ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2012, kagawoka kangathe kuoneka pa mndandanda wa zoyatsira ngati fulashi, choncho kuika Linux kumayambira pomwepo, pa malo otsala aja. Kale panali njira yapafupi yotchedwa Wubi, imene inabwera ndi Ubuntu mu 2008, koma anaichotsa mu 2013.

Chovuta chenicheni chagona pa magetsi. Akathima disiki ili m'kati mogawidwa, makamaka pa kompyuta ya patebulo kapena laputopu yakufa batire, Windows ikhoza kukana kuyaka, ndipo amene alibe fulashi amakhala alibenso chopulumutsira makinawo, kotero kuti amakakamizika kukwera nawo minibasi kukafuna katswiri ku Limbe. N'chifukwa chake ndi bwino kusungiratu kwina mayeso, malisiti ndi zithunzi, kuzimitsa Fast Startup mu Windows, kulemba papepala kiyi ya BitLocker ngati disikiyo ndi yokhoma, ndiponso kuyamba ntchitoyi batire itadzaza.