Mseu wa Route 66 m'Chipululu cha Mojave

Pa tchuthi chapitachi ine, bambo, mayi ndi mlongo wanga tinakachezera amalume ku Arizona, m'dziko la Amereka. Iwo anatitenga pa galimoto kukaona mseu wakale wotchedwa Route 66. Tsono ndifuna kukufotokozerani za mseu umenewu ndi zimene ndinaphunzirapo.

Boma linaupatsa nambala 66 m'chaka cha 1926. Unachokera ku Chicago kukafika ku Los Angeles, mtunda wa mailosi oposa 2,400, ndipo anatsiriza kuthirapo phula mu 1938. M'zaka za m'ma 1930 chilala ndi mphepo ya fumbi zinaononga minda ku Oklahoma, kotero alimi ambiri anapakira ana ndi akatundu m'magalimoto okalamba, nalondola mseu uwu kukafuna ntchito ku California. Koma asanafike, anayenera kupyola chipululu cha Mojave, kumene m'miyezi ya July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 40.

Kodi ankapyola bwanji? Ambiri ankayenda usiku. Ena ankapachika thumba la madzi la nsalu yokhuthala kutsogolo kwa galimoto. Madzi pang'ono ankatuluka m'nsaluyo, mphepo nkumaumitsa, ndipo otsala m'katimo ankazizira, monga achitira madzi a mumtsuko. M'mbali mwa mseu munabadwa timidzi togulitsa petulo, madzi ndi chakudya, ndipo moyo wa timidzito unali apaulendowo.

Ife titafika ku Needles, pa khomo la chipululu, amalume anagula zigubu za madzi zambirimbiri. Ine ndinaseka, ndi kufunsa kuti, "Amalume, madzi onsewa tikasamba kodi?" Iwo anangoti, "Mwana iwe, udzaona wekha." Tisanafike ku Amboy injini inatentha, galimoto nkuima. Panalibe mtengo wousapo, panalibe nyumba, foni nayo sinkagwira. Mlongo wanga anayamba kulira, ndipo mayi anamuika nsalu yonyowa pamutu. Amalume anadikira kuti injini izizire, pakuti ukatsegula radiyeta yotentha madzi ake amakuwaula, ndipo pambuyo pake anathiramo madzi aja. Pamenepo kuseka kwanga kunatha. Zoonadi mau a akuluakulu akoma akagonera.

Ku Amboy tinapeza chikwangwani chachikulu cha Roy's chiri chiimire, koma sukulu inali yotseka ndipo anthu anali owerengeka. Chinapha mudziwu si dzuwa ai, koma mseu wina. Mu 1973 mseu watsopano wa Interstate 40 unatsegulidwa chakumpoto, magalimoto nkuleka kudzera pamenepa, ndipo eni masitolo anasamuka. Mu 1985 boma linafafaniza Route 66 pa mndandanda wa miseu yake ikuluikulu.

Komabe si onse amene anagonja. Ku Seligman, m'dziko la Arizona lomwelo, wometa tsitsi wina, Angel Delgadillo, anasonkhanitsa anzake mu 1987 nayambitsa bungwe losunga mseuwu. Chifukwa cha khama lawo alendo ochokera m'maiko ambiri anayambanso kufika kumeneko.

Anzanga, kale ndinkayesa kuti mseu ndi phula chabe. Tsopano ndadziwa kuti m'chipululu mseu ndiwo mtsinje wa mudzi: ukapatuka, mudzi umauma. Ndipo wina wa inu akadzayenda ulendo wotere, asadzaseke wonyamula madzi monga ndinachitira ine.