Kathumba ka Madzi Pambali pa Ubongo

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikamba za kathumba ka madzi kamene madotolo amakapeza nthawi zina akajambula m'kati mwa mutu. Iwo amakacha arachnoid cyst.

Ubongo wathu ndi wokutidwa ndi zophimba zitatu. Capakati ndi copyapyala ngati nembanemba ya m'kati mwa dzira, ndipo cili ndi timaulusi tonga ukonde wa kangaude. Dzina lija licokera ku liu la Cigiriki lotanthauza kangaude. Pansi pa cophimbaci pamayenda madzi oyera amene amateteza ubongo. Mwana asanabadwe, cophimbaci nthawi zina cimagawanika pawiri, ndipo madzi amatsekeredwa pakati. Umo ndi mmene timathumba tambiri totere timayambira. Si khansa, sikapatsirana, ndipo mai alibe mlandu uliwonse. Kamapezeka mwa anyamata koposa atsikana, makamaka m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu.

Kale kunali kobvuta kukaona kathumbaka mwa munthu wamoyo. Zinthu zinasintha mu 1971, pamene makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield, anajambula mutu wa wodwala woyamba ku London. Pambuyo pake kunabwera makina a MRI, amene amagwira nchito ndi maginito. Pa cithunzi ca CT kathumbaka kamaoneka ngati banga lakuda la m'mphepete mosalala, lofanana ndi madzi ena onse a mu ubongo. Mwa anthu 100 ojambulidwa, mmodzi kapena awiri amapezeka nako, ndipo ambiri a iwo anapita kucipatala ndi bvuto lina, monga kugwa pa njinga.

Makolo akaona banga lalikulu pa cithunzi amacita mantha, ndipo sitingawadzudzule. Koma dotolo sayang'ana kukula kokha. Amafuna kudziwa ngati kathumbako kakukankha ubongo, ngati kakutseka njira ya madzi, ndiponso ngati kakukula. Koposa zonse amayang'ana mwana mwini wake: kodi akudya, akusewera ndi kuphunzira bwino? Ngakhale mutu utamamuwawa, cifukwa cake cingakhale cina, monga maso ofooka kapena malungo.

Ana ambiri safunika opareshoni. Dotolo angangowauza kuti adzabwerenso kudzajambulidwa patapita miyezi, ndipo kudikira kotereku si kunyalanyaza wodwala, pakuti opareshoni ya m'mutu ili ndi ngozi zake, monga kutaya magazi ndi kulowa kwa tizilombo. Palibenso mankhwala akumwa amene angaphwetse kathumbaka.

Mwana akamasanza pamodzi ndi mutu wosaleka, akamagwa khunyu, akamafooka mbali imodzi ya thupi, kapena mutu wa khanda ukamakula msanga, apo madotolo amaganiza za opareshoni. Njira imodzi ndiyo kuboola zipupa za kathumbako, kawiri-kawiri ndi kacipangizo kokhala ndi kamera, kuti madzi asakanizike ndi anzake. Ina ndiyo kuika kapaipi pansi pa khungu kotengera madziwo m'mimba. Kamathandiza, koma kangathe kutsekeka, kotero mwiniwake amayenera kupimidwa zaka zambiri.

Inu aphunzitsi, mwana wotere akhale m'kalasi monga anzake, ndipo za masewera funsani dotolo wake. Koma akagundidwa m'mutu pa mpira, nayamba kusanza, kuwodzera kapena kulankhula mosokonezeka, ngakhale patapita masiku, mutengereni kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa magazi angakhale akutuluka pafupi ndi kathumbako.