Kamwana ka mphaka kakabadwa kolumala, si malodza

Awerengi, mphaka akaswa kuseri kwa matumba a chimanga banja limakondwa, poti makoswe aona zakuda. Koma mukakasuzumira n'kupeza kamwana kamodzi kali ndi miyendo yopindika, kapena kakuyenda modzandira ngati kalawa kachasu, nkhope zimasintha. Wina ati ndi malodza. Wina ati mphakayu alipo akumutuma. M'mawa mwake kamwana kaja kaponyedwa m'chimbudzi, ndipo pena agogo a nyumba yoyandikana ayamba kulozedwa zala, ngakhale lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Mawu ngati amenewa ndinkawamva kawirikawiri pantchito yanga ya unamwino, mwana akabadwa ndi chilema. Koma thupi la mphaka limaumbidwa m'mimba monga lathu lomweli, ndipo zomwe zimasokoneza kaumbidweko n'zodziwika: matenda, mankhwala, chibale cha makolo ndi chakudya.

Tiyambe ndi kodzandira kaja. Pali matenda a amphaka otchedwa panleukopenia, oyamba ndi kachilombo. Akagwira mphaka wa bere, kachilomboko kamafika kwa ana ali m'mimba n'kulepheretsa kukula kwa chigawo cha ubongo cha kunkhongo, chomwe chimawongolera kayendedwe. Pobadwa simuona kanthu. Zimaonekera pakatha milungu iwiri kapena itatu, anawo akayamba kuyenda: kamatangadza miyendo, kamagwa, mutu umanjenjemera kakafuna kudya. Mtima wanu usasweke ayi. Kamphaka kotere sikamva kupweteka, vutolo silikula, ndipo kudzandirako sikupatsirana. Kamazolowera thupi lake n'kukhala zaka zambiri monga anzake.

Chomwe kamafuna kwa inu n'chochepa. Simenti yopolisha imakaterereza, ndiye yalani mkeka kapena chiguduli pomwe kamakhala. Mbale yake ikhale yosaya komanso yolemera kuti isamagubuduke. Muchitalikitse ndi mbaula, chitsime ndi agalu, ndipo usiku kazigona m'nyumba chifukwa sikangathawire mumtengo. Pofuna kuti zisadzachitikenso, mphaka wamkazi abayidwe katemera asanatenge bere. Ali kale ndi bere muwauze a vetenale, poti katemera wina akabayidwa nthawi imeneyo amavulaza ana mofanana ndi matendawo.

Tsono apa ndipamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa ndi nkhani ya mankhwala. Ife Amalawi tili ndi chizolowezi chosunga mapilitsi otsala m'kabati. Mphaka akachita chipere, wina amakumbuka kuti alipo mapilitsi a griseofulvin omwe mwana anasiya, basi n'kumuphwanyira m'chakudya. Mankhwala amenewa ngakhale kuchipatala sitipereka kwa mayi woyembekezera. Kwa mphaka wa bere amachititsa ana kubadwa ong'ambika m'kamwa, a mafupa olakwika, ena a ubongo wosakwanira. Mfiti yake ndi imeneyo, ili m'kabati.

Nanga panado? Chonde, chonde abale anga, musayerekeze. Mukaona kamphaka kolumala kakulira mumafuna kukathandiza, ndikudziwa. Koma chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula panado monga chimachitira chathu. Piritsi limodzi la 500 mg likhoza kupha mphaka wamkulu: nkhama zimada, nkhope imatupa, mpweya umabanika. Mankhwala opha ululu a mphaka apereke ndi dokotala wa ziweto yekha.

Chibale nacho chimalumalitsa. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, ndipo bere lake ndi la milungu isanu ndi inayi basi. Pakhomo pomwe amphaka angochulukana okhaokha, bambo amakwera mwana wake, mlongo ndi mlongo chimodzimodzi. Zofooka zobisika m'magazi a banjalo zimakumana n'kuonekera poyera. Mukaona mphaka yemweyo akuswa ana olumala kawiri katatu, kam'tseketseni, wamwamunayo afulidwe. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limachita opaleshoni yotere, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo kumudzi mlangizi wa ziweto akuuzani koyenera kupita.

Si chilema chilichonse chomwe chili chamuyaya. Kamwana kena kamabadwa miyendo itakhota chifukwa chopanikizika m'mimba, makamaka akakhala ambiri. Masiku oyambawa minyewa imakhala yofewa. Kuthowa ndi kansalu kofunda n'kumawongola mwendowo pang'onopang'ono kangapo patsiku kumathandiza ena, koma yambani mwaonetsa a vetenale kuti aone ngati fupa lilipo lonse. Musamange ndi mphira kapena chingwe. Magazi akasiya kuyenda mwendo umafa, ndipo zimenezi sizitenga nthawi.

Palinso zina zongodabwitsa maso. Mphaka amakhala ndi zala 18, zisanu kumwendo uliwonse wakutsogolo, zinayi kumbuyo. Ena amabadwa ndi zoonjezera, n'zakumtundu. Kunyumba yomwe ankakhala mlembi Ernest Hemingway ku Key West m'dziko la America amasunga amphaka otere, ndipo alendo amalipira ndalama kukawaona. Ntchito yanu ndi kuwenga chikhadabo choonjezeracho kuti chisakhotere m'mnofu.

Chodandaulitsa n'chakuti zilema zina anthu amachita kuzifuna. Amphaka a makutu opindika omwe ana athu amasirira pa Facebook, otchedwa Scottish Fold, anachokera kwa mphaka mmodzi yemwe anapezeka pafamu ina ku Scotland mu 1961. Chomwe chimapinda khutulo ndi vuto la chichereche, ndipo vuto lomwelo limagwira mfundo za miyendo ndi mchira, moti ambiri amavutika ndi nyamakazi. Ine ndalama yanga sindingaperekepo.

Ana ena amabadwa bwinobwino n'kudzapindika miyendo akukula. Apa funsani za mbale. Mphaka si munthu, nsima yokha sangakule nayo. Komanso mnofu wokhawokha ulibe calcium wokwanira, mafupa amafewa n'kumathyoka chisawawa. Usipa wophika wopanda mchere wambiri, wodyedwa ndi minga yake, umathandiza. Msuzi wa anyezi kapena adyo musam'patse, umawononga magazi ake.

Sindikunamizani kuti onse amapulumuka. Mukaona mkaka ukutulukira m'mphuno kamwana kakamayamwa, kayasamuleni pang'ono muone kumwamba kwa m'kamwa. Pakakhala mng'alu, mkaka umalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Kena kamabadwa kopanda potulukira chimbudzi, mimba n'kumangotupa. Mwana wa mphaka amabadwa ndi magalamu pafupifupi 100 ndipo amayenera kuonjezera magalamu 10 kapena kuposerapo tsiku lililonse, kotero kasikelo ka kukhitchini kakhoza kukuuzani zoona. Kakamayamwa, kakamalemera, kakamagona osalira, kalekeni kakule ngakhale kaoneke motani. Koma kakamatsika sikelo n'kumalira usana ndi usiku, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ngati palibe chothandiza, iye ali ndi jakisoni wogonetsa mopanda ululu. Kuponya chamoyo m'chimbudzi kapena kumtsinje ndi nkhanza, ndipo ana anu amakhala akuona.

Mawu awiri kwa inu amayi oyembekezera. Kuona kapena kugwira kamphaka kolumala sikungalumalitse mwana wanu. Choyenera kusamala ndi chimbudzi cha mphaka aliyense, wolumala ndi wolunga yemwe, chifukwa chikhoza kukhala ndi tizilombo ta toxoplasmosis tomwe timavulaza mwana wosabadwa. Ntchito yowola mchenga wa mphaka asiyireni bambo a kunyumba, ndipo aziwola tsiku ndi tsiku. Mukachoka kudimba sambani m'manja ndi sopo.

Kamphaka kolumala kakakwana miyezi itatu, kabayitseni katemera wa chiwewe monga anzake onse. Pokanyamula kayikeni m'katoni yoboola mabowo, pansi mutayala nsalu, kuti kasamagubuduke panjira.