MAURITIUS: DZIKO LA MITUNDU YAMBIRI LIMENE ANALILOSERA TSOKA

Pali mau amene timawamva kawirikawiri anthu akamakamba za maiko amene analandira ufulu wodzilamulira m'zaka za m'ma 1960. Ena amati dziko lokhala ndi mitundu yambiri, zinenero zambiri ndi zipembedzo zambiri silingatukuke, cifukwa nthawi imene anthu akanagwira nchito amaithera pa kukokanakokana. Mlungu uno tiyeni tione dziko lina laling'ono la mu Africa limene linanenedwa mau otere, ndi m'mene zinthu zinathera.

Dzikoli ndi Mauritius, cisumbu ca pa nyanja yaikulu ya Indian Ocean, kum'mawa kwa Madagascar. M'litali mwake ndi makilomita 65 cabe, m'lifupi 45, kotero kuti mnyamata wa njinga angathe kulidutsa tsiku limodzi. Anthu ake aposa pang'ono 1,200,000 ndipo likulu lake ndi Port Louis. Ndi dziko linzathu m'mabungwe a SADC ndi COMESA.

ONSE NDI OBWERA

Pa cisumbu cimeneci panalibe mudzi ndi umodzi womwe kufikira pamene Azungu a ku Holland anamangapo mu 1638. Iwowa atacoka kunafika a ku France mu 1715, ndipo Angelezi anawalanda dzikolo mu 1810. Mbeu imene Azungu analemera nayo inali nzimbe, koma ogwira khasu anali akapolo, ambiri a iwo ocokera ku Madagascar ndi ku Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1835, eni minda anadalira anchito a cibalo ocokera ku India, ndipo anafika pafupifupi theka la miliyoni. Pambuyo pao panadza amalonda a ku China.

Cotero lero Amwenye ndiwo oculuka, koma nawonso ali pawiri, Ahindu ndi Asilamu. Zidzukulu za akapolo zimachedwa Akiliyo, ndipo ambiri a iwo ndi Akatolika. Machaina ndi Azungu ndi owerengeka, cinkana minda yaikulu ya nzimbe inakhala m'manja mwa Azunguwo kuyambira kale.

ULOSI WA TSOKA

M'caka ca 1961 katswiri wa za cuma wa ku Britain, a James Meade, atafufuza za dzikoli, analemba kuti ciyembekezo ca citukuko ca mtendere cinali cocepa. Zifukwa zao zinali zomveka. Pafupifupi ndalama zonse za malonda a kunja zinali kucokera ku shuga yekha. Malungo atagonjetsedwa anthu anali kuculuka msanga, koma nchito kunalibe. Ndiponso mitundu inali kuyang'anana ndi diso lofiira.

Poyamba zinaoneka ngati ulosiwo ukwaniritsidwa. Pa masankho a 1967 anthu 44 pa 100 alionse anavotera cipani cokana ufulu, poopa kuti Ahindu adzawapondereza Angelezi akacoka. Mu Januwale 1968 Akiliyo ndi Asilamu anamenyana mu Port Louis, anthu oposa 20 anafa, ndipo anacita kuitana asilikali a Britain kudzaleretsa. Mbendera yatsopano inakwezedwa pa 12 Malichi caka comweco, misozi ya maliro isanaume.

MPANDO KWA ALIYENSE

Nanga cinapulumutsa dzikoli nciani? Coyamba ndi cakuti Nduna Yaikulu yoyamba, a Seewoosagur Ramgoolam, sanafune kudya okha. Mu 1969 anaitana a Gaëtan Duval, mtsogoleri wa cipani cija cinakana ufulu, kulowa m'Boma. Akulu anati kupatsa nkuika, ndipo anthu amene dzulo anali ndi mantha anaona munthu wao atakhala pa mphasa ya nduna.

Caciwiri ndi kakonzedwe ka masankho. Cisumbuci cinagawidwa m'zigawo 20, ndipo cigawo ciliconse cimatumiza anthu atatu ku Nyumba ya Malamulo, pamene cisumbu cinzake ca Rodrigues cimatumiza awiri. Wovota amasankha maina atatu. Cifukwa ca ici cipani cofuna kupambana cimakakamizika kuimika anthu a mitundu yosiyana ndi kupalana ubwenzi ndi zipani zina. Kuonjezera apo, mipando yosapitirira 8 imasungidwira aja analephera pang'ono, a mtundu umene wapezeka kuti uli ndi oimirira ocepa. Ambiri lero amadandaula kuti njirayi imakumbutsa anthu za mtundu pa masankho alionse, koma pa nthawi ya mantha ija inathandiza kuti pasakhale mtundu wotsalira kunja.

Sikuti zonse zinali zoyera ai. Masankho a 1972 anacedwetsedwa kufikira 1976, ndipo atsogoleri a cipani cotsutsa ca MMM, pamodzi ndi a Paul Bérenger, anatsekeredwa m'ndende. Koma mu 1982 otsutsa anatenga mipando yonse 60 ya pa cisumbu cacikulu, a Ramgoolam anataya ngakhale mpando wao, ndipo anatula pansi udindo popanda kulira kwa mfuti. Dzikoli lilibe gulu la nkhondo lokhazikika, lili ndi apolisi okha. A Bérenger aja anali m'ndende, amene ndi mbadwa ya Azungu a ku France, anadzakhala Nduna Yaikulu mu 2003.

SANADYE MBEU

Mlimi aliyense adziwa kuti caka ca zokolola zambiri ndico cimaonetsa nzeru za mwini nkhokwe. Mu 1975, pa pangano la ku Lomé, maiko a ku Ulaya analonjeza kugula matani a shuga pafupifupi 500,000 caka ciliconse kwa Mauritius, pa mtengo umene zaka zambiri unali woposa wa pa msika wa dziko lonse. Boma silinalande minda ya Azungu. M'malo mwake linaika msonkho pa shuga wotumizidwa kunja, wolemera kwa eni minda yaikulu ndi wopepuka kwa alimi ang'onoang'ono. Ndalama za misonkho zinathandiza kulipirira zipatala zaulere ndi penshoni ya nkhalamba iliyonse, ndipo kuyambira 1977 sukulu za sekondale zinakhala zaulere.

Eni mindawo, poona kuti cuma cao sicilandidwa, anaika phindu lao m'mahotela ndi m'mafakitale a m'dziko momwemo. Lamulo la 1970 linapeputsa misonkho kwa onse opanga katundu wogulitsa kunja. Apa mpamene kuculuka kwa mitundu kunasanduka dalitso. Machaina a pa cisumbupo anali ndi abale ndi abwenzi ku Hong Kong, ndipo amalonda a kumeneko anadzatsegula mafakitale osoka zobvala. Amai zikwizikwi analowa nchito ya malipiro kwa nthawi yoyamba, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ulova unali utacepa kwambiri. Ubale ndi France unabweretsa alendo odzaona malo, ubale ndi India unakuza nchito za mabanki.

Pamene pangano la shuga lija linatha mu 2009, dziko silinagwe, pakuti linali litaima kale ndi miyendo ina. Mu 2019 alendo oposa miliyoni imodzi anafika pa cisumbupo, ndipo mu 2020 Banki ya Dziko Lonse inaika Mauritius m'gulu la maiko olemera. Mliri wa korona utaimitsa ndeke, linabwezedwa m'gulu lapakati caka cotsatira.

CILONDA CIMENE SICINAPOLE

Komabe pali ena amene nsima ya citukuko inawafika itazizira. Akiliyo ambiri, amene makolo ao anacoka mu ukapolo opanda munda, akali m'munsi pa maphunziro ndi pa nchito za Boma. Mu Febuluwale 1999 woimba wao wochuka, Kaya, anafera m'manja mwa apolisi, ndipo mkwiyo unabuka m'miseu kwa masiku angapo. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza zotsatira za ukapolo ndi cibalo mu 2009, ndipo mu 2012 Cikiliyo, cinenero cimene pafupifupi onse amalankhula, cinayamba kuphunzitsidwa m'sukulu. Cina codetsa nkhawa ncakuti mpando wa Nduna Yaikulu wakhala ukungozungulira pa mabanja awiri, la Ramgoolam ndi la Jugnauth, kupatula zaka ziwiri za a Bérenger. Mu Novembala 2024 ovota anacotsa a Pravind Jugnauth nabwezera a Navin Ramgoolam, mwana wa mtsogoleri woyamba uja.

NANGA IFE?

Zambia si Mauritius. Dziko lathu ndi lalikulu, lilibe doko, ndipo mseu umodzi wocokera ku Lusaka kukafika ku Chipata utalika kuposa cisumbu conseco kangapo. Koma mkuwa ndiwo nzimbe zathu. Mtengo wake utagwa mu 1975 tinalowa m'ngongole, ndipo mu 2020 tinalephera kubweza ngongole zina za kunja. Ku mbali ya ndale, mitundu yathu 73 yasintha cipani colamulira mwamtendere mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, cinthu cimene maiko ambiri amacilakalaka.

Nkhani ya Mauritius ikutionetsa kuti cimene cimagwetsa dziko si kuculuka kwa mitundu, koma mantha a mtundu umene ukuona kuti mbale ikuupitirira, ndiponso kudya mbeu m'caka ca mwanaalirenji. Cotero wofuna voti akafika pamudzi panu, musayambe ndi kumufunsa kwao. Mufunseni kuti ndalama za mkuwa zidzabzala ciani cimene ana athu adzakolola migodi ikadzatha, ndiponso kuti ndani adzakhala naye pa mphasa akadzapambana.