Kukonzanso makina a Nkula A

Nkula A ndi malo opangira magetsi ndi mphamvu ya madzi pa mtsinje wa Shire, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1966. Makina akakalamba chotere, zipangizo zosinthira zimasowa, ndipo woyendetsa amadalira maswichi ndi mamita akale amene sasunga mbiri ya zovuta.

Ntchito yokonzanso malowa inatha mu 2018, ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America. Anaikamo majenereta atsopano ndi dongosolo la kompyuta lotchedwa SCADA, lomwe limaonetsa kayendedwe ka makina pa sikirini ndi kuchenjeza msanga pakabuka vuto. Mphamvu ya malowa inakwera kuchoka pa 24 MW mpaka kuposa 35 MW. Magetsiwa amalowa m'mawaya a ESCOM amene amafika mpaka m'maboma monga Phalombe.